Nsanamira Ija Inali ya Waya wa Nkhuku

Alamu,

Landirani moni wochokera kuno ku Matero. Tili bwino, otivuta ndi mawondo ndi mtengo wa unga basi.

Holo ija ya m'tauni, momwe azungu ankaimba mokuwa ngati alumidwa ndi chinkhanira, aigwetsa poti ogula matikiti anatha. Mukukumbuka nsanamira zake zoyera? Ndinafunsira mlongo wanu nditagwira imodzi, ndikuti, "Chikondi changa n'cholimba ngati mwala wa ku Ulaya uwu."

Alamu, si mwala! M'kati muli waya wa nkhuku, pulasitala ndi chisa cha makoswe. Tinaona Lachiwiri tili limodzi ndi mlongo wanuyo. Iye anangoti, "Ba Phiri, nanga imwe m'kati muli vichani?" Chiyambire Lachiwiri saseka nthabwala zanga.

Mulembereni msanga, mundichitire umboni kuti mwa ine mulibe makoswe. Mulungu akusungeni.

Ndine mlamu wanu,
Phiri