Mjigo Wapita ku Nazale

Lachitatu madzulo. Mtima ukundiwawabe.

Pulani ya mjigo wa pa esiteti ya fodya ku Mavwere ndinajambula ndine. Ndinauika pafupi ndi nyumba za matenanti, poti amayi kumeneko amatunga madzi kudambo komwe kumamwa ng'ombe. Lero abwana anga, atamwa tiyi ndi mwini esiteti, angotenga bolopeni n'kuusamutsira ku nazale ya fodya.

"Amatilipira ndi fodya, mphwanga," atero. "Mawa ukawauze matenanti aja."

Ndikawauze ine? Iwo akafika kumeneko satsika n'komwe m'galimoto. Amene analonjeza ndine. Mayi Nabanda, amene anandigwirira tepi padzuwa poyeza malowo, anandifunsa kuti, "Achimwene, madzi afikadi pano?" Ine ndinavomera, iwo n'kundithirira mtedza wodzaza chipewa.

Mtedzawo ndinadya kale. Mawa ndikawabwezera chiyani?