Tcheyapesoni wa mjigo wathu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nkhulambe tilipo, ndipo chifuwa cha amayi chatha.

Lachiwiri anyamata a bungwe anabwera kudzasankhitsa komiti ya mjigo. Anatiphunzitsa mpaka masana kuti mawu oti "tcheyamani" amapondereza amayi, tiziti "tcheyapesoni". Nditafunsa chimene mawu athu oti "wapampando" alakwa, anangopitiriza phunziro lawo. Kenaka anawerenga manja a abambo apamabenchi okha, amayi ali pansi kumbuyo. Mlongo wathu Esinati, amene amasamala mjigowo chiukumbireni, anagonja kwa mkamwini wosadziwa kulemera kwa ndowa. Ameneyo ndiye tcheyapesoniyo.

Esinati akuti asiya kusamala mjigowo. Akatero, tibwerera kumadzi am'dambo. Chonde mulembereni, inu amakumverani. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Fanuwelo