Chitsulo Chimene Tinawatumizira Atate

Luangwa,
Kitwe.

Okondedwa achimwene a Moses,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Katete, inu ndi alamu ndi ana? Nanga atate, chifuwa chija chinawaleka? Ife kuno tikudzuka ndithu, koma ndikati tili bwino ndinama. Foni yanu ndaimba mpaka chala kuwawa, ikungoti simukupezeka. Kaya yagweranso m'madzi, kaya mwagulitsa, inu ndi mafoni simugwirizana. N'chifukwa chake ndalemba kalatayi. Ndaipereka kwa a Keziah, anzanga a kumsika, amene akubwera kumeneko kudzagula mtedza. Muiwerenge muli nokha, mukatero muchite changu.

Nkhani ndi ya chitsulo chija alamu anu, bambo a Charity, anawatumizira atate mwezi watha kuti azikhomerapo ndowa. Chachikasu chija, chonenepa ngati dzungu, chimene amuna awiri anachikweza m'basi akutukwana. Anachigula kwa a Fanuel, ogulitsa zitsulo zakale kuseri kwathuku. Zinali ziwiri zofanana, ndipo a Fanuel ankati zinatoledwa kumgodi wina wotsekedwa. Pa chilichonse panali kachizindikiro ka mapiko atatu ngati fani. Bambo a Charity anakapala ndi tupa poganiza kuti ndi chidindo cha eni mgodi, kuopa kuti apolisi a pamsewu angati n'chakuba. Sanafunse munthu. Paja safunsa anadya phula.

Chinzakecho a Fanuel anachiswa ndi nyundo pofuna mtovu wam'kati. Pakati penipeni anapeza kachitsulo kakang'ono konyezimira, anakaika m'thumba la malaya poti mwina n'kamtengo wapatali. Tsiku lomwelo anayamba kusanza. Patapita masiku zala zinatupa n'kuchita matuza ngati agwira mbaula, chonsecho moto sanauyandikire. Pachifuwa, pamene panali thumba, pali chilonda chokana mankhwala. Tsitsi likuthothoka lokha. Ali kuchipatala, ndipo akazi awo akuti akafunsa ngati achire palibe akuwayankha zomveka.

Kenako kunabwera anthu a boma ovala zoyera mpaka kumutu, atanyamula kamakina kolira tche-tche-tche. Atalowa m'yadi ya a Fanuel kanalira ngati kapenga. Kanthu kaja anakatenga ndi chopanira chachitali, yadi yonse anaizinga ndi chingwe. Anatisonkhanitsa panja pa tchalitchi, mayi wina mwa iwo n'kutifotokozera kuti zitsulo zotere amayezera nazo matope a miyala m'mapaipi a kumigodi. Kanthu kam'katiko akuti kamatulutsa mphamvu yotchedwa radiyeshoni, yosaoneka, yosanunkha, koma yowotcha munthu mpaka m'mafupa, ndipo mtovu ndi umene umaitsekera. Anabwereza kangapo kuti matenda a a Fanuel si opatsirana.

Koma anamva ndani? Luangwa yense mitu yasokonekera. Ena akuti ndi bomba la nyukiliya, ena akuti a Fanuel anaphonya chizimba cha bizinesi. Mkaka watha m'mashopu ati umasungunula poizoni. Mayi wina woyandikana nafe akumwetsa ana makala osinja. Pa Misa palibe akuwapatsa akazi a Fanuel dzanja la mtendere, amakhala okha pabenchi ngati odwala kolera. Ine kumsika wa Chisokone tomato akuwolera patebulo. Wogula akangomva kuti ndimachokera ku Luangwa amangokana m'Chibemba kuti awe mukwai, n'kubweza mkono. Chikundiwawa n'chakuti anthu onsewa akuthawa tomato wanga, pamene chinthu chenichenicho chili kwathu kumudzi, m'chisakasa cha atate.

A boma aja anafunsa ngati panali chitsulo china. A Fanuel sakutha kulankhula bwino, akazi awo za malonda sadziwa. Bambo a Charity anali pomwepo, anangoti zyoli. Titafika kunyumba ndinawafunsa chifukwa chake, iwo anati akaulula amangidwa, ntchito itha, nanga ana adya chiyani. Akuti chikakhala chotseka sichipweteka munthu. Ndinawakumbutsa kuti atate ndi mmisiri wa ndowa, mtovu sangauone n'kuusiya. Tsiku limene chinafika atatewo anandiuza okha pafoni yanu, akuseka, kuti achigogoda ndipo amva kuti muli mtovu wokwana kumatira ndowa za mudzi wonse. Anati adzachitsegula akamaliza kukolola. Achimwene, kukolola kwatha. Ndili ndi mantha amene sindinakhalepo nawo chibadwire.

Ndiye pempho langa ndi limodzi basi: atate asachitsegule chitsulocho. Ngati chikadali chotseka chisiyeni pomwe chili, tsekani chisakasa, ana asayandikireko. Ngati atsegula kale, aliyense achoke pamenepo, musatole kanthu ndi manja, ndipo muthamange nawo kuchipatala mukanene zonse osabisa. Musachiponye m'chimbudzi kapena kudambo. Musachiwotche ngati nyanga ya mfiti, musataye nthawi ndi asing'anga. Ndikudziwa mmene timachitira kwathu tikapeza chinthu choopsa, koma ichi sichimva zimenezo.

Atate akana, ndikudziwiratu. Zaka zonsezi akhala akudandaula kuti mkamwini wa kumigodi sanawalimireko ndi mzere umodzi womwe, ndiye mphatso yoyambayi akuionetsa kwa aliyense wodutsa pamsewu. Akangomva kuti ingamangitse mkamwini wawo, aibisa kunsi kwa bedi kuti banja langa lisathe. Mukudziwa inunso kuuma mutu kwawo, tonse tinatengera komweko. Muwauze kuti mawu awa ndi a mwana wawo: “Atate, ndi bwino ukwati wanga uthe kusiyana n'kuti ndikuikeni m'manda chifukwa cha mphatso.”

Mundiperekere moni kwa alamu anga mayi a Abraham, ndipo poti ndi oyembekezera asamadutse n'komwe kuchisakasako. Moni kwa azakhali, kwa amalume a Horace ndi banja lawo, ndi kwa ana onse. Charity ndi mng'ono wake Joy akupereka moni kwa agogo awo. Joy akufunsa tsiku ndi tsiku ngati kandowa kamene anamulonjeza katha kukhomedwa, ndimangomuyankha kuti sikanathe.

Mawa m'mawa, bambo a Charity akangopita kuntchito, ine ndikupita kwa a boma aja kukanena kumene kuli chitsulo chachiwiri. Amuna angawo sindinawauze. Mukaona galimoto yachilendo yafika pamudzi, alendowo muwalandire bwino ndipo muwalozere chisakasa, ngakhale atate akalipe. Mukadzamva kuti alamu anu ali m'chitokosi, musavutike kufunsa amene wawapereka. Ndi ineyo, ndipo ndikuwakonda.

Tsalani ndi Mulungu, mutipempherere.

Mlongo wanu,
Emelda.