Mapazi a Bambo pa Makina Osokera

9 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nsalu ya diresi la ukwati wa mwana wanu inafika. Ndaiyeza kawiri, ndi mamita anayi ndendende, ndipo Bambo aidula kale. Koma pali nkhani imene ndakhala ndikuizemba tikamalankhula pa foni.

Mukukumbuka matenda a m'mimba amene anagwira Bambo aja? Adokotala anawalembera mapiritsi opha tizilombo, a masiku khumi okha. Atachira ndinaopa kuti matendawo abwereranso, ndiye ndinatenga kabokosi kake n'kukagula ena kusitolo ya mankhwala. Atatha ndinagulanso. Miyezi inayi, Achemwali, katatu pa tsiku, ndikuchonga pa kalendala ya kukhitchini osaphonya.

Atayamba kudandaula kuti m'mapazi mukuyenda nyerere, ndinangowatikita ndi mafuta. Tsiku lina anayenda kuchokera kuchipinda mpaka pakhonde, patapata imodzi itatsala m'mbuyo, iwo osadziwa. Pa makina phazi limangoterereka, chopondera sachimva.

Kuchipatala ndinanyamula kalendala ija monyadira. Adokotala anaiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Mayi, anakuuzani ndani kuti mupitirize?" Akuti mankhwalawo akamwedwa kwa miyezi amawononga mitsempha. Anatisiyitsa tsiku lomwelo. Mwina mapazi adzabwerera pang'onopang'ono, mwina ayi, sanalonjeze.

Pobwerera ndinalira m'basi. Bambo anandigunda ndi chigongono. "Iwe, pukuta m'maso, anthu aziti ndamwalira. Uli mwana unkaiwala nsapato kusukulu, lero wasankha mapiritsi kuti ndiwo usaiwale?"

Ndinati tipereke nsaluyo kwa telala wina. Anakana, akuti mdzukulu wawo sangakwatiwe atavala ulusi wa mlendo. Ndiye masiku ano timakhala awiri pa benchi imodzi, ine kuponda, iwo kuyendetsa nsalu. Tsiku lonse ndi "Ponda. Ima. Ukuthamangira kuti, ndi njinga imeneyi?"

Ngati mukufuna kukalipa, kalipirani ine, ndimvera. Koma nsalu musaiitanitse, ndapota nanu, ndi imene ikuwadzutsa m'mawa.

Bambo akupereka moni, akuti mkwatibwi asanenepe, miyezo yatengedwa kale. Diresi likafika muone mpendero wa kumanzere, mupeza pokhota pang'ono. Manja a Bambo sanalakwe pamenepo. Ndi phazi langa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
woponda makina.