Mbande za Nason

Al Mankhool, Dubai
Febuluwale 2021

Okondedwa Malume Boniface,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi anti Florah. Bondo lanu lija likukulolani kupita kudimba? Ine ndili bwino, mphamvu zabwerera.

Kuno nyengo yozizira ikutha. Kuzizira kwake inu a ku Dedza mungakuseke, komabe m'mawa timavala majuzi podikira basi ya kampani. M'mbali mwa misewu muli maluwa okhaokha, ofiira ndi oyera, othiriridwa ndi timapaipi. Pofika Epulo dzuwa lidzakhala litawawotcha.

Zoti ndinadwala korona mu Disembala munamva kwa amayi. Ananditsekera m'chipinda chapansi, kuseri kwa hotela yathu ku Business Bay. Chakudya ankangosiya pakhomo. Kunja kwa zenera kunali dothi lokhalokha.

M'mawa wina ndinaona munthu akukumba pamenepo. Anali Nason Mbewe wa ku Chipata, wosamalira maluwa a hotela, amene tinkangopatsana moni m'basi. Anadzala mbande, ndipo tsiku lililonse ankabwera kudzathirira. Akamaliza ankagogoda pagalasi n'kufunsa ndi dzanja ngati ndadzuka bwino.

Nditatuluka anandiuza kuti mbandezo zinali zotsala, bwana wake ananena kuti khalas, zatha ntchito, azitaye. Koma Nason anaona kuti si bwino wodwala azingoyang'ana dothi.

Zachita maluwa sabata ino, ine nditachokamo kalekale. M'chipindamo tsopano mukudwalira mlonda wina wa ku Nepal, woti Nason samudziwa n'komwe. Dzulo Nason ndinamupeza akuthirira, kenako n'kugogoda pagalasi monga ankachitira kwa ine. Mtima wanga unakhazikika pomwepo.

Malume, Nason wandifunsira. Atsibweni ake akufuna kubwera kwanu maulendo akayamba kuyendeka.

Amayi ndinawauza pafoni. Iwo anati mwana wawo mmodzi, achimwene a Grey, anapita ku Joni osabwerako, ndiye wachiwiri sangamupereke ku Zambia. Kuyambira tsiku limenelo ndikaimba amangofunsa ngati ndadya.

Chonde pitani mukakhale nawo pansi. Inu amakumverani. Mukawauze kuti Nason ndi Mchewa mnzathu, mwambo akuudziwa, ndipo wanena yekha kuti nyumba adzamanga kwathu, pafupi ndi yawo. Musawakakamize. Mantha awo ndikuwamvetsa, inenso achimwene ndimawasowa.

Nason ndamuuza kuti adikire. Anangoseka n'kunena kuti ntchito yake ndi yodikira kale. Ine kumtima ndavomera, malume, koma pakamwa sinditsegula mpaka amayi atandiimbira okha.

Mundiperekere moni kwa anti, kwa Hildah ndi ana onse. Masiki muzivala popita kumsika, ngakhale anzanu aziseka. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Emmie