Tayala la pa Mwendo wa Bedi

Lolemba, 6 Meyi
Njinga yanga yagwada m'khonde, tayala lakutsogolo palibe. Wakuba ndikumudziwa: mkazi wanga Nives. Dokotala anati chizungulire ndi njinga siziyenderana. Zonsezi chifukwa cha kangalande kamodzi komwe ndinagweramo Lachisanu. Ndinawauza kuti ndimakaona achule, sanaseke.

Wachotsa bwinonso. Kumasula buleki, kutsegula kachitsulo kogwira tayala pa foloko ya njinga, tayala n'kutsika lokha. Mphunzitsi wake ndine. Kupusa kwanga.

Lachitatu, 8 Meyi
Ndalipeza. Walimanga ndi tcheni pa mwendo wa bedi, loko wanga yemwe, kiyi m'khosi mwake pamodzi ndi kamtanda. "Ukalifuna, Ermes, uyambe wandipha." Ndati ndiganizapo.

Bedi ukainyamula, tcheni imangovuka. Sindinamuuze.

Lachisanu, 10 Meyi
Kukamwa khofi kumalo athu a masiku onse, wapansi ngati wansembe. Anzanga onse matayala awo m'manja, kuopa akuba, kuwakoleka pakhoma monga mwa masiku onse. Msomali wanga wokha mbee. Ottorino wakolekapo chipewa chake. "Agogo, tikubwerekeni wilibala?" Ndamuthirira mchere mu khofi. Wamwa theka.

Lamlungu tipita pa njinga ku mtsinje wa Po kukadya nsomba. Chiyambire sindinajombepo. Nives adzakhala ku Misa.

Lamlungu, 12 Meyi
Atangotuluka, bedi m'mwamba. Msana unalira koma tcheni inavuka. Tayala m'foloko, pakatikati. Kachitsulo ndinakakanikiza mpaka kusiya chidindo m'dzanja, apo ndiye katseka. Buleki m'malo mwake. Kulinyamula, kulimenya kuti ndione ngati ligwa. Silinagwe. Manjawa akadali anzeru.

Ndinakwera. Kufika pa geti, msewu unapendekeka. Nyumba ya aneba athu, a Zappaterra, inandizungulira kawiri, ndipo si nyumba yoyendayenda. Ndinagwira chipilala mpaka inaima. Mwana wawo wamkazi anali pomwepo ndi mpira wake, pamalo penipeni pomwe tayala langa likanadutsa.

Lolemba, 13 Meyi
Tayala lili pa mwendo wa bedi. Tcheni ndinaibweza ndekha, ndazungulizanso pa chitsulo cha m'mbali, pomwe bedi ngakhale uinyamule tcheniyo siingavuke.

Ottorino waimba foni, akuti nsomba zinali zokoma, ndinali kuti? Ndati mkazi wanga ndi chilombo, kiyi amagona nayo.

Nives wasesa kuchipinda. Wayang'ana tcheni nthawi yaitali. Madzulo wandithirira vinyo wodzadza, osati theka lomwe dokotala anandiloleza.