Timphira ta Galimoto ya Bambo

12 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti Bambo anditopetsa, ndipo lero mumva zonse.

Galimoto ija munawasiyira yatha miyezi iwiri ikugunda kumbuyo. Tikangoponda kadzenje, gu! mpaka munthu kudziluma lilime. Amayi anafika pokana kukwera, akuti msana wawo si wachitsulo. Amakaniko a pakona paja atasuzumira kunsi anati timphira tija timaletsa chitsulo cha matayala kumenya thupi la galimoto tatheratu. Anati ndi ntchito ya ola limodzi.

"Ine ndayendetsa malole zaka makumi atatu," anatero Bambo, "lero ndikagwadire munthu chifukwa cha mphira?"

Anakagula okha timphira tatsopano, n'kutiika patebulo la pabalaza masabata atatu ngati maluwa. Amayi akangotisuntha, mkangano. Loweruka m'mawa ndinawapeza Bambo atakweza galimoto pa jeke, tayala achotsa kale, iwo ali chagada kunsi popanda chochirikiza chilichonse. Ndinawakalipira, Achimwene, sindikana. Ndinathamanga kukabwereka zochirikiza zachitsulo kwa amakaniko aja, omwe anandipatsa akuseka.

Bawuti yogwira kamphira inali itachita dzimbiri. Bambo anathira oyilo, anagogoda, ananyoza amene anaipanga ndi mtundu wake wonse. Ine chiimire, kupereka masipanala.

"Osati iyo, iwe! Yaying'onoyo! Kusukulu kuja unkakatani?"

Dzuwa linafika pamutu, bawuti osasuntha. Kenako kunangoti zii. Ndinagwada n'kusuzumira. Sipanala inali itawagwera pachifuwa, dzanja lamanja likunjenjemera lokha, iwo atalipana ndi lamanzere kuti likhale bata. Atandiona anayang'ana kumbali.

"Mayi ako usawauze."

"Zayamba liti zimenezi, Bambo?"

"Si lero. Ndikokere kunja, mwanawe."

Ndinawakoka, ndipo kudzuka anachita kundigwira paphewa. Ndinawakhazika pa chidebe, ine n'kulowa kunsiko ndi diresi langa lomwelo. Mukuganiza kuti anakhala chete? Ayi ndithu! Masula kumanzere, kankha ndi phazi, usaope, si mwana ameneyo. Bawuti itamasuka ndinasupuka zala ziwiri, kamphira kakale kananyenyekera kumaso kwanga ngati makala. Ndinapala dzimbiri, ndinaika katsopano, ndinamanga. Iwo akuti kapendama. Ndinamasulanso. Mbali inayo chimodzimodzi, kawiri konse.

Madzulo tinakaiyesa galimotoyo, ine ndikuyendetsa. Ndinalunjika dala pa dzenje lija la pageti. Galimoto inangotsika n'kukwera mofewa, osagunda. Ndinadikira kuti mwina anena zikomo.

"Magiya ukusintha mochedwa," anatero.

Achimwene, munthu ameneyu ndimutani? Zakuchipatala safuna n'kumva komwe. Akuti madokotala akangoona dzanjalo amulanda laisensi, ndiye adzakhala ndani pakhomo pano? Ndayesa kunyengerera, ndayesa kuopseza, akungonditcha kapitawo. Inu ndiye amakumverani, ngakhale amayamba akuzazirani kaye. Anandiletsa kuuza Amayi, koma za inu sanatchule, n'chifukwa chake ndalemba. Musaimbe foni, akuuzani kuti ali bwino kuposa inu. Pemphani tchuthi mubwere, muwatengere kuchipatala nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo tsopano ndi makaniko. Amayi akupereka moni wambiri. Dzulo anandifunsa chifukwa chake Bambo masiku ano amadikira kuti tonse tichoke patebulo asanagwire kapu ya tiyi. Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Akandifunsanso sinditha kunama.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba